Mmene ndinayendera nyumba ndi injiniya popanda kulipira lipoti

Nditapeza nyumba yomwe ndinkafuna kugula ku Chilomoni mu Blantyre, mtima wanga sunakhazikike chifukwa cha mng'alu umene unali pakhoma la kuchipinda. Mtengo wa lipoti lolembedwa unandikulira, choncho ndinapempha injiniya wa zomangamanga kuti tingoyendera limodzi nyumbayo kwa ola limodzi, ine n'kumulipira nthawi yake yokha. Anavomera, koma anandichenjeza kuti mawu apakamwa sangagwire ntchito kubanki kapena kukhoti.

Ndinasankha tsiku lotsatira mvula yamphamvu ya mu Januwale, kuti chinyontho chionekere, ndipo ndinatenga kope ndi foni yojambulira. Mng'alu uja anati ndi wa pulasitala chabe. Chimene chinamudetsa nkhawa chinali china chomwe ine sindinachione n'komwe: madzi ochokera pamalata ankagwera m'tsinde mwa khoma lakumbuyo n'kumafewetsa nthaka ya pamaziko, ndipo mitengo iwiri ya kudenga inali itadyedwa ndi chiswe.

Zonse ndinalemba pomwepo n'kumuwerengera kuti andikonze pamene ndinalakwitsa. Kope limenelo ndi lomwe ndinaonetsa mwini nyumba, ndipo anavomera kutsitsa mtengo kuti ndikumbe ngalande ndi kusintha mitengoyo.