Momwe mungayendere pa kalavani m'chipululu cha Australia muli ndi ana aang'ono

Ulendo umene ndikufotokoza pano ndi wochokera ku Adelaide kukafika ku Uluru, thanthwe lalikulu lofiira la pakati pa Australia, ndi ku tauni ya Alice Springs kudzera mumsewu wa Stuart Highway. Ine ndi akazi anga tinauyenda m'mwezi wa Juni chaka cha 2023 pamodzi ndi ana athu awiri, wamkulu wa zaka 6 ndi wamng'ono wa zaka 3, tikukoka kalavani, kapena kuti ngolo yogonamo yokhala ndi mabedi, mbaula ya gasi ndi thanki ya madzi. Dera limene msewuwu umadutsamo eni dziko amalitcha outback, ndipo ndi chipululu cha dothi lofiira ndi tchire lalifupi kumene munthu amatha kuyendetsa galimoto maola awiri osaona nyumba ngakhale imodzi. Kuchokera ku Adelaide kukafika ku Alice Springs ndi makilomita opitirira 1,500, ndipo kupatukira ku Uluru ndi kubwereranso pamsewu waukulu kumawonjezera ena pafupifupi 500. Msewu wonsewu ndi wa phula ndipo amayenda kumanzere ngati kwathu ku Malawi, koma phulalo lisakupusitseni, chifukwa chimene chimavuta kumeneko ndi kutalika kwa mtunda wa pakati pa inu ndi munthu amene angakuthandizeni.

Choyamba, sankhani nyengo. Pitani pakati pa Meyi ndi Seputembala, popeza m'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mwana wamng'ono sachedwa kufooka thupi likasowa madzi. Dziwaninso kuti mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka kufika pa digiri 0, moti m'mawa wina ku Yulara, katauni kogonako alendo pafupi ndi Uluru, tinapeza madzi amene tinasiya m'beseni panja ataundana pamwamba. Longedzani mabulangete ndi zipewa zaubweya ngakhale masana muzivala malaya opepuka. Ngati mungathe, pewani tchuthi cha sukulu cha mu Julayi, chifukwa malo ogona amadzaza ndipo mitengo yake imakwera.

Chachiwiri, dziwani kulemera kwa zimene mukukoka. Pa kalavani iliyonse pali kachitsulo kolembedwa manambala, ndipo awiri ofunika kwambiri ndi Tare, kumene kuli kulemera kwa kalavaniyo isanalongedwe kanthu, ndi ATM, kumene kuli kulemera komaliza kololedwa itadzaza. Mukachotsa nambala yoyamba pa yachiwiri, chotsalacho ndiye katundu wanu yense, kuphatikizapo madzi a m'thanki, amene lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, mabotolo a gasi, chakudya ndi njinga za ana. Galimoto nayo ili ndi malire ake a zimene ingakoke, ndipo alembedwa m'buku lake; wogulitsa akakuuzani kuti "iyi ikoka bwinobwino" muvomere mwaulemu kenako mukatsegule bukulo nokha. Katundu wolemera muike pansi, pafupi ndi pamene pali matayala, osati kumbuyo kwenikweni, chifukwa kalavani yolemera kumchira imayamba kugwedera liwiro likakwera. Kawirikawiri kulemera kotsamira pa chitsulo chokokera kumayenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa kalavani yonse. Mukatha kulonga, pitani nayo pa sikelo yoyezera magalimoto, imene ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi chindapusa cha apolisi. Za mabuleki malamulo ndi omveka: ngolo yopitirira makilogalamu 750 iyenera kukhala ndi mabuleki ake, ndipo yopitirira 2,000 iyenera kukhalanso ndi chipangizo choimitsa yokha ikaduka ku galimoto.

Chachitatu ndi matayala, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ine ndinaphunzira ndi misozi.

Kalavani yathu tinaigula kwa bambo wina amene tinamupeza pa intaneti, ndipo mtengo wake unali wotsika moti ndinaganiza kuti ndatola mwayi. Matayala ake ankaoneka akuda bii, mizere yake ikadali yakuya, ndipo mwiniwakeyo ananditsimikizira kuti ngoloyo sinayende kwenikweni, yakhala ikungokhala pabwalo. Ine mawu amenewo anandisangalatsa, osadziwa kuti vuto linali pomwepo. Tayala la kalavani silitha ndi kuperepeseka ngati la minibasi, koma limatha ndi ukalamba, dzuwa likamaliwotcha chaka ndi chaka lili pamalo amodzi mpaka mphira wake kuuma ndi kung'aluka timing'alu tosaoneka msanga. Kuda kuja kunali kwa polishi.

Tsiku lachitatu la ulendo, cha m'ma 2 koloko masana, titadutsa Glendambo, malo omwetsera mafuta pamsewuwu, ndi makilomita ngati 100, tinamva phokoso ngati la mfuti ndipo kalavani inayamba kukokera galimoto uku ndi uku. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti sindinaponde mabuleki mwamphamvu. Ndinangochotsa phazi pa moto, kugwiritsa chiwongolero ndi manja onse awiri, ndi kulola liwiro kutsika lokha mpaka ndinapatukira m'mbali mwa msewu. Tayala lakumanzere linali litanyenyeka ngati chiguduli, ndipo zidutswa zake zinali zitadula paipi ya pansi, moti madzi a m'thanki ankangotayikira m'dothi lofiira lija ife tikuona. Tayala la sipeya linalipo, koma sipanala ya galimoto yanga sinkagwira manati a kalavani chifukwa anali a saizi ina, ndipo jeke nditaiimika inangomira mumchenga. Foni inalibe netiweki. Akazi anga anamanga chitenje ku chitseko cha galimoto kuti ana apeze mthunzi kutali ndi phula, ntchentche zili ng'waa m'maso mwa wamng'ono uja, iye n'kumangofunsa kuti, "Adadi, tafika?" Patapita nthawi yopitirira ola limodzi anaima agogo ena awiri, mwamuna ndi mkazi, amene nawonso ankakoka kalavani, mwa aja opuma pa ntchito amene kuno amawatcha grey nomads. Agogo aamunawo anatulutsa sipanala ya mitu inayi ndi thabwa lochindikala loika pansi pa jeke, ndipo titamaliza anagwada n'kundilozera ndi chala manambala anayi a m'mbali mwa tayala lophulikalo: 3514. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, kutanthauza kuti tayalalo linapangidwa m'sabata ya 35 ya chaka cha 2014. Linzake ndi la sipeya lomwe anali a msinkhu womwewo. Makilomita otsalawo tinayenda pa liwiro la 60, mtima uli m'mwamba, ndipo ku Coober Pedy tinagonako masiku awiri owonjezera podikira matayala a saizi yathu kuti abwere pa thiraki, pamtengo umene unameza ndalama yonse ija ndinkati ndapulumutsa pogula.

Tsono musananyamuke werengani manambala amenewo pa tayala lililonse, ndipo lopitirira zaka 5 kapena 6 mulisinthe ngakhale likuoneka bwino motani. Kenako, muli pakhomo panu pomwepo, chotsani tayala limodzi la kalavani ndi kulibwezeretsa pogwiritsa ntchito jeke ndi sipanala zimene mudzanyamule, chifukwa njira yokhayo yodziwira kuti zipangizo zanu zikugwirizana ndi imeneyo. Tengani thabwa, choyezera mpweya ndi pampu yolumikiza ku batire. Mukayenda makilomita 50 oyamba imani mumangenso manati, ndipo nthawi iliyonse imene mwaima, ikani dzanja pafupi ndi pakati pa gudumu. Pakatentha kuposa mbali inayo, ndiye kuti mabeyaringi ayamba kuvuta ndipo musadikire kuti afuke utsi.

Chachinayi, konzani ulendo motsata ana osati motsata mapu. Lamulo la ku Australia limati mwana wosakwana zaka 7 akhale pa mpando wake wa ana wovomerezeka m'dzikolo, ndipo palibe munthu amene amaloledwa kukhala m'kalavani ikamayenda, ngakhale mwanayo akhale kuti wagona tulo tabwino pabedi. Mipando yotchipa yoitanitsa kunja nthawi zambiri ilibe chizindikiro cha AS/NZS 1754, choncho muyang'ane musanalipire. Ife tinapeza kuti makilomita 300 patsiku ndiwo malire a ana athu, kumene kuli ngati kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe, ndipo kuyambira pamenepo kumbuyo kunkayamba ndewu. Tinkanyamuka dzuwa litakwera pang'ono, kuima maola awiri alionse, ndi kufika pogona isanakwane 3 koloko kuti ana athamange asanadye. Malo oimapo amene anawakonda kwambiri ndi a Lake Hart, nyanja youma ya mchere yoyera mbee imene ili pakati pa Pimba ndi Glendambo. Gulani maukonde ovala kumutu otchinga ntchentche mukadali ku Adelaide kapena ku Port Augusta, chifukwa kutsogoloku ukonde womwewo amaugulitsa modula. Ana muwavale nsapato zotseka nthawi zonse, ndipo muwauze kuti asapise manja m'mauna kapena pansi pa miyala.

Chachisanu ndi mafuta, madzi ndi foni. Pakati pa Glendambo ndi Coober Pedy pali makilomita opitirira 250 opanda pomwetsera mafuta, ndipo galimoto yokoka kalavani imamwa kwambiri, makamaka mphepo ikamawomba kuchokera kutsogolo. Lamulo langa linali kumwetsa paliponse pamene pali pampu, ku Port Augusta, Pimba, Glendambo, Coober Pedy, Marla, Kulgera ndi Erldunda, ngakhale thanki ili theka ndiponso ngakhale mtengo ukundiwawa, popeza umakwera mukamalowa mkati. Madzi akumwa musadalire thanki ya kalavani yokha, monga mwaonera zimene zinatichitikira. Nyamulani zigubu zingapo m'galimoto. Netiweki imene imagwira m'malo ambiri kumeneko ndi ya Telstra, koma nayo imapezeka makamaka m'matauni, choncho ndi bwino kubwereka foni ya setilaiti kapena kachipangizo kotumiza chizindikiro cha ngozi kotchedwa PLB. Nambala ya ngozi ndi 000, ndipo odwala mwakayakaya m'maderawa amanyamulidwa ndi ndege za Royal Flying Doctor Service, zimene ntchito yake inayamba mu 1928. Galimoto ikafa musaisiye n'kuyamba kuyenda wapansi, chifukwa ofunafuna amaona galimoto msanga kuposa munthu.

Chachisanu ndi chimodzi, phunzirani kukhala pamsewu ndi mathiraki aatali otchedwa road train, amene ena amakoka ngolo zitatu ndipo amatalika mamita opitirira 50. Akafuna kukupitirirani, pitirizani pa liwiro lomwelo mpaka atatulukira kumanja kwanu, kenako muchepetse pang'ono. Wailesi ya UHF pa tchanelo 40 imathandiza kulankhula ndi madalaivala awo. Ku Northern Territory, chigawo chimene kuli Uluru ndi Alice Springs, zikwangwani zimalola liwiro la 130, koma ife sitinapitirire 90. Musayende m'bandakucha, madzulo kapena usiku, chifukwa ndi nthawi ya makangaru ndi ng'ombe, ndipo msewu wambiri ulibe mpanda.

Za malo okaona sindichulukitsa. Ku Coober Pedy, tauni ya migodi ya miyala ya opal, anthu ambiri amakhala m'nyumba zokumba pansi pothawa kutentha, ndipo ana amasangalala kulowamo, koma muwagwire dzanja chifukwa kunja kwa tauniyo kuli maenje ambiri a migodi osatseka. Popita ku Uluru, pa Erldunda mukhotere kumanzere mumsewu wa Lasseter Highway, ndipo phiri la pamwamba pafulati limene mudzayambe kuliona si Uluru koma Mount Conner. Mkati mwa paki ya Uluru-Kata Tjuta simuloledwa kugona, choncho sungitsani malo ku Yulara kusanakhale pafupi. Polowa m'pakiyo ife tinalipira madola 38 a ku Australia munthu wamkulu aliyense pa masiku atatu, ndipo ana analowa ulere. Kukwera thanthwelo kunaletsedwa mu Okutobala 2019 potsatira pempho la eni malowo, a mtundu wa Anangu, ndipo pali mbali zina zimene salola kujambula. Njira yozungulira thanthwe lonse ndi makilomita pafupifupi 10, zimene ndi zambiri kwa mwana wa zaka 3, choncho ife tinangoyenda kanjira kakafupi kopita ku dziwe la Mutitjulu.

Madzi a m'chimbudzi cha kalavani muzitaya pa malo olembedwa kuti dump point okha, ndipo chakudya musasiye panja usiku chifukwa cha agalu a m'tchire otchedwa dingo. Ku Alice Springs gulani zonse zofunika pobwerera, kupatula zipatso ndi ndiwo zamasamba zambiri, popeza South Australia, chigawo chimene kuli Adelaide, siilola kulowetsa zipatso zochokera kwina poopa ntchentche zowononga mbewu. Zotsala mudye musanadutse malire, apo ayi muzitaye m'bini yoikidwira zimenezo pafupi ndi Marla, monga ife tinatayira thumba lathunthu la maapulo ndi tomato limene tinali titagula dzulo lake.