Momwe mungaunikire tauni yaing'ono musanasamukireko: chitsanzo cha Likoma

Munthu amene watumizidwa kukagwira ntchito m'tauni yaing'ono, kapena amene akufuna kukatsegula bizinesi kumeneko, ayenera kudziwa kuchuluka kwa anthu okhalako komanso mmene anthuwo amakhalira tsiku ndi tsiku. Chilumba cha Likoma, chomwe ndi cha dziko la Malawi ngakhale chili pafupi kwambiri ndi gombe la Mozambique, ndi chitsanzo chabwino chosonyeza kachitidwe ka kafukufuku wotereyu.

Yambani ndi zotsatira za kalembera wa anthu ndi nyumba, yemwe nthambi ya boma yoona za ziwerengero ya National Statistical Office ya ku Zomba imachititsa pafupifupi zaka khumi zilizonse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu 17,563,749, ndipo boma la Likoma, kuphatikizapo chilumba cha Chizumulu, linali ndi anthu oposa 14,000 okha, zomwe zikutanthauza kuti ndilo boma lochepetsetsa m'dziko muno. Komabe musadalire chiwerengerochi chokha, chifukwa padutsa zaka zambiri chichitikire kalemberayo, ndipo pamalo aang'ono kuchoka kwa mabanja ochepa chabe kumasintha chithunzi chonse. Ziwerengero zatsopano mungazipeze ku khonsolo, kwa alangizi a zaumoyo amene amayendera makomo, ndi kwa mafumu omwe amasunga kaundula wa anthu awo.

Mukadziwa kuchuluka kwa anthu, fufuzani kuti anthuwo ndi a misinkhu yotani ndipo amapeza bwanji ndalama. Pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18, choncho tauni ya anthu 10,000 siyikhala ndi ogula 10,000. Ku Likoma mabanja ambiri amadalira usodzi, ndiye kuti ndalama zimayenda usipa ukamaphedwa bwino, ndipo zimasowa mphepo ya mwera ikavuta m'miyezi yozizira, asodzi akamalephera kulowa panyanja. Wogulitsa zinthu amene wawerengera phindu lake poona mwezi umodzi wabwino wokha adzakhumudwa.

Mbali yofunika koposa, imene mabuku a ziwerengero sangakuuzeni, ndi ya mayendedwe. Nthaka ya pachilumbachi ndi yamiyala ndi mchenga, yoyenera chinangwa kuposa chimanga, kotero chimanga, shuga, simenti ndi katundu wina wambiri amachokera kumtunda, makamaka kudzera ku Nkhata Bay. Kaimeni pagombe tsiku limene sitima ya Ilala yafika, muone matumba ndi makatoni akutsitsidwa, kenaka mukafunse mtengo wa ndowa ya chimanga pamsika ndi kuufananiza ndi wa ku Nkhata Bay. Kusiyana kwa mitengoko ndiko kudzakuonetsani ngati malipiro anu adzakwane. Funsaninso kuti mashopu amakhala bwanji sitima ikaima kaamba kokonzedwa, pakuti nthawi imeneyo ndiyo imaonetsa mavuto enieni a malowo.

Pa nkhani ya zaumoyo, musakhutire pongomva kuti chipatala chilipo. Ku Likoma kuli chipatala cha St Peter's cha mpingo wa Anglican, mpingo womwe unamanganso tchalitchi chachikulu chotchuka cha pachilumbachi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, koma funso loyenera kufunsa ndi lakuti wodwala kwambiri amatumizidwa kuti, pa chiyani, ndipo ulendowo umatenga maola angati. Chimodzimodzinso pa sukulu: funsani kuchuluka kwa ana m'kalasi imodzi, osati kuchuluka kwa sukulu.

Pomaliza, gonani kumeneko masiku angapo musanapange chiganizo, ndipo ngati n'kotheka pitaniko m'nyengo yovuta. Onani maola amene magetsi amayaka, kumene anthu amatunga madzi akumwa, ndi malo amene netiweki ya foni imagwira. Chezaninso ndi aphunzitsi kapena anamwino ochokera m'maboma ena, chifukwa iwowa ndiwo amayankhula mosabisa za mtengo wa lendi ndi za mmene alendo amalandiridwira.