Kukaona Maboneng ku Joni: tsiku, njira ndi malire ake

Maboneng ndi kadera kakang'ono chakum'mawa kwa pakati pa mzinda wa Johannesburg. Kale kunali mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu, zomwe zinasanduka mabwinja makampani ambiri atasamukira ku Sandton ndi madera ena akumpoto. Mu 2009 Jonathan Liebmann anakonza zina mwa nyumbazi n'kutsegula Arts on Main, malo ogwirira ntchito ndi kuonetsera zaluso, ndipo William Kentridge, mmisiri wa zojambula wodziwika pa dziko lonse, anatenga malo ogwirira ntchito pomwepo. Kampani ya Liebmann, Propertuity, inagwa mu 2018, nyumba zake n'kugulitsidwa kwa anthu osiyanasiyana. N'chifukwa chake malo ena omwe mungawerenge pa intaneti kulibenso. Mwachitsanzo, malo oonetsera mafilimu a Bioscope anasamukira ku 44 Stanley, kudera lina la mzindawu. Musananyamuke, onani tsamba la Instagram kapena Facebook la malo amene mukufunawo ngati alembapo kanthu posachedwa.

Tsiku labwino ndi Loweruka kapena Lamulungu, kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa. Lolemba malo ambiri oonetsera zojambula amakhala otseka. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula yamabingu imakonda kugwa chakumadzulo, choncho zoyenda pansi muthane nazo dzuwa lisanapendeke. Mu Juni ndi Julayi tengani juzi, kumazizira kwambiri.

Ngati mukuchokera ku Park Station, komwe kumafikira mabasi ambiri ochokera kumudzi komanso sitima ya Gautrain, musayende pansi ngakhale mapu akuonetsa kuti ndi pafupi. Itanani Uber kapena Bolt mudakali mkati mwa siteshoni, ndipo lembani Arts on Main, Fox Street, osangoti "Maboneng", chifukwa dalaivala atha kukutsitsani pakona polakwika. Pasipoti kapena chikalata chanu chokhalira m'dzikolo chikhale m'thumba lamkati, apolisi a m'tauni amafunsa.

Msewu weniweni ndi Fox Street. Yambani ku Arts on Main ndipo lowani mkati mwenimweni, musangothera pachipata. Alendo ambiri amajambulitsa pa makoma opentedwa, kudya nyama yootcha, n'kubwerera osaona ntchito imene inakopa anthu kuderali. Ku David Krut Workshop amasindikiza zojambula pamanja: mmisiri amagoba chithunzi pa chitsulo cha kopa, amapaka inki, amapukuta mpaka inkiyo itatsala m'mizere yokha, kenako amayala pepala lonyowa n'kupukusa makina. Pepala lililonse limalembedwa nambala ndi pensulo, monga 7/30, kusonyeza kuti ndi lachisanu ndi chiwiri mwa mapepala 30 okha. Pogula chojambula chosindikizidwa, yang'anani nambala imeneyi ndi siginecha ya mwini wake. Pomwepo palinso malo a zisudzo ndi zaluso otchedwa The Centre for the Less Good Idea, omwe Kentridge anayambitsa mu 2016, koma zisudzo zake zimachitika pa masiku oikika, ndiye matikiti muguliretu. M'chipinda cha mmisiri pemphani kaye musanajambule. Ena amakana chifukwa ntchito yosatha ikafalikira pa intaneti anzawo amabera nzeru.

Kwa okonda mabuku, Collectors Treasury pa Commissioner Street ndi nyumba yosanja yodzaza mabuku akale mpaka m'masitepe. Ipatseni ola lathunthu.

Za malire musachite nazo chibwana. Pamene mwaona kuti alonda a yunifolomu ndi matebulo a panja atha, derali lathera pomwepo, bwererani. Foni yotsomphoka kwambiri ndi ya munthu amene waima m'mphepete mwa msewu akuyang'ana mapu, choncho lowani m'sitolo kaye musanaitulutse. Nyumba zakale zooneka zosiyidwa musalowemo kukajambula. Zambiri muli anthu okhalamo movutikira, zilibe madzi kapena njira yothawira ngozi. Moto wa pa 31 Ogasiti 2023 ku nyumba ya Usindiso, ku Marshalltown komwe sikutali, unapha anthu 76, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi.

Ngati ulendo wanu ungagwere Lamulungu loyamba la mwezi, thamangirani ku Victoria Yards, pa Viljoen Street ku Lorentzville, mphindi zochepa pagalimoto. Pamalopa kale ankachapirapo zovala ndi makina, koma lero pakati pa nyumba za njerwa adzalapo ndiwo zamasamba ndi mitengo ya zipatso. Patsikuli amisiri ambiri amatsegula zitseko, ndipo mumalankhula ndi mwini chojambula maso ndi maso n'kumva mtengo kuchokera pakamwa pake. Malowa ndi ampanda, ndiye opita ndi ana ayambire kumeneko. Khadi imalandiridwa pafupifupi paliponse, koma sungani ma R10 angapo opatsa woyang'anira galimoto, ndipo m'malo odyera muonjezere 10 peresenti pa bilu.