Kakazingidwe ka nkhuku ya kum'mwera kwa America pa chakudya cha anthu awiri kapena atatu

Nkhuku yokazinga ya kum'mwera kwa America, yomwe imadziwika m'madera monga Georgia, Alabama, Tennessee, Kentucky ndi Virginia, imasiyana ndi nkhuku yongoponyedwa m'mafuta pa zinthu ziwiri. Nyamayo imayamba yanyikidwa mumkaka wosasa wothira mchere kwa maola angapo, ndipo kenako imapakidwa ufa wa tirigu umene pokazinga umasanduka khungwa lofiirira, louma ndiponso lokukutika. Kaphikidwe kameneka kanakulira m'makhitchini a eni minda ikuluikulu a kum'mwerako, m'mene ophika ambiri anali akapolo ochokera ku Africa ndi zidzukulu zawo. Pofika mu 1824, Mary Randolph anali atalemba kale njira yake m'buku la The Virginia House-Wife, ndipo inali yachidule kwambiri: ufa, mchere ndi mafuta a nkhumba otentha. Nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865, amayi akuda a m'tauni ya Gordonsville ku Virginia ankasenza nkhuku yokazinga pamutu n'kumagulitsa kwa apaulendo kudzera m'mawindo a sitima. Onsewa ankaphika ndi chiwaya wamba pamoto wamba, ndipo n'chifukwa chake munthu wophikira anthu awiri kapena atatu safunika makina kapena mafuta odzadza poto. Nkhuku ya m'masitolo a KFC imakazingidwa m'makina otsekera nthunzi, njira imene Harland Sanders, yemwe anayambitsa KFC, anaiyamba ku Corbin, Kentucky, koma imeneyo si yoyesa kunyumba, ndipo kuthira mafuta ambiri mu pressure cooker wamba n'kudziika pa ngozi.

Pa chakudya chaching'ono, musagule nkhuku yathunthu. Gulani ntchafu zitatu ndi miyendo itatu, zokhala ndi khungu ndi fupa lomwe, zolemera pafupifupi magalamu 800 zonse pamodzi. Ntchafu ndi miyendo zili ndi mafuta akeake, motero siziuma ngakhale zitakhalitsako pamoto, pamene chidali chimauma msanga ndipo kukula kwake kumachititsa kuti kunja kupserere mkati musanapse. Ngati pakhomo pali munthu amene sadya nyama ina koma chidali, chiduleni pakati mopingasa kuti zidutswa zonse zifanane msinkhu. Nkhuku yake ikhale yachizungu yanthete. Yachikuda ndi yokoma kuposa pamsuzi, koma nyama yake ndi yolimba ndipo mphindi khumi ndi zisanu za m'mafuta sizingaifewetse.

Ku America amanyika nkhukuyi mu buttermilk. Kumene mkaka umenewu sukupezeka, chambiko chimagwira ntchito yomweyo, monganso mabisi ku Zambia kapena amasi ku South Africa, malinga chikhale chopanda shuga. Chikakhala cholimba kwambiri, chisungunuleni ndi mkaka wamba pang'ono mpaka chizitsanulika bwino. Mukasowa zonsezi, finyirani supuni yaikulu imodzi ya madzi a mandimu mu kapu imodzi ya mkaka ndipo mudikire mphindi 10. Mu kapu imodzi ndi theka ya mkaka wosasawo thirani masupuni a tiyi awiri a mchere, adyo wosinja pang'ono ndi tsabola monga mwa kukonda kwanu, kenako ikanimo nyama yopukuta bwino, muvundikire ndi kuika mufiriji. Mcherewo ndiwo umalowa mpaka pafupa n'kuthandiza nyama kusunga madzi ake, pamene kuwawasa kwa mkaka kumafewetsa pamwamba ndi kupereka chinyezi chomatirira ufa. Maola 4 ndi okwanira, usiku wonse ndi wabwino koposa, koma kupitirira maola 24 nyama imayamba kulobodoka. Amene alibe firiji asasiye nkhuku yaiwisi panja usiku wonse. Ainyike kwa ola limodzi lokha pamalo ozizira n'kukazinga.

Nthawi yokazinga ikayandikira, tulutsani nyamayo mufiriji ikhale panja kwa mphindi 20 kapena 30, chifukwa nyama yozizira kwambiri imaziziritsa mafuta. Pa nthawi imeneyo sakanizani m'mbale yakuya kapu imodzi ndi theka ya ufa wa tirigu, masupuni aakulu atatu a cornflour (sitalichi ya chimanga yosalala kwambiri, osati ufa wa nsima), supuni ya tiyi imodzi ya mchere, imodzi ya tsabola wakuda, ziwiri za paprika, imodzi ya ufa wa adyo ndi theka la supuni ya tsabola wofiira wopera. Cornflour ndiye amachititsa kuti khungwa likhale lopepuka m'malo mokhala lolimba, koma akasowa nkhuku ipsabe bwino. Tsabola wakuda yekha ndiye musamanire, popeza ndiye fungo lenileni la nkhuku ya kum'mwera. Zokometsera zina zambirimbiri zimene ena amaunjika zimangopserera m'mafuta n'kuwawitsa khungwa.

Pali kanthu kena kamene kamasintha maonekedwe a nkhuku yonse. Tungani masupuni aakulu awiri kapena atatu a mkaka umene munanyikamo nyama, muwaze mu ufawo ndi kufikisa ndi nsonga za zala mpaka tizibuluma ting'onoting'ono tioneke. Tizibuluma timeneti tikamatirira pakhungu timasanduka tinsonga tokukutika timene anthu amalimbirana patebulo. Tengani chidutswa chimodzi, mulole mkaka wochuluka udonthe, muchigoneke mu ufa ndi kuchikwirira, kenako muchipsinje ndi chikhatho mwamphamvu mbali zonse, osaiwala m'makwinya a khungu ndi pansi pa fupa la ntchafu. Dzanja limodzi likhale logwira zonyowa ndipo linalo logwira ufa, apo ayi zala zanu ndizo zivale khungwa. Mukamaliza, sanjikani zidutswazo pa waya kapena pambale youma kwa mphindi 15 mpaka 20. Anthu ambiri amadumpha kudikira kumeneku, ndipo ndiwo amadandaula kuti ufa wonse watsalira m'chiwaya. Ufa umafuna nthawi kuti umwe chinyezi ndi kugwirana ndi khungu, ndipo mudzadziwa kuti wagwira pamene kuyera kwake kwayamba kuzilala n'kumaoneka ngati wanyowa m'malo ena.

Chiwaya chikhale cholemera, chakuya ndi chochindikala pansi. Kum'mwera kwa America amagwiritsa ntchito chachitsulo chakuda chimene chimasunga kutentha nthawi yaitali, ndipo poto wochindikala amachitanso chimodzimodzi. Chiwaya chopyapyala chimatentha ndi kuzizira mofulumira kotero kuti simungathe kuchilamulira. Thirani mafuta akuya masentimita awiri okha, oti afike pakati pa chidutswa chilichonse, ndipo asapitirire theka la chiwaya. Mafuta a mpendadzuwa kapena a mtedza ndi oyenera. Edna Lewis, wophika wotchuka wobadwira ku Freetown, Virginia, mu 1916, ankakazingira m'mafuta a nkhumba osakaniza ndi batala ndi kachidutswa ka nyama ya nkhumba youmika ndi mchere, ndipo amene amadya nkhumba angathe kuthirako supuni imodzi kapena ziwiri za mafuta akewo kuti apeze fungo lomwelo.

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Mafuta ayenera kufika pa madigiri 175 a Celsius nkhuku isanalowe, ndipo ikalowa kutenthako kumatsika kufika cha m'ma 150 kapena 160, pamene payenera kukhazikika mpaka nyama itapsa. Amene alibe choyezera kutentha awaze kaufa pang'ono m'mafutamo: kakamira n'kukhala chete, mafuta sanatenthe, kakachita thovu nthawi yomweyo n'kuyandama, afika, kakada pakamphindi kapena mafuta akayamba kufuka utsi, apitirira ndipo chiwaya chiphulidwe kaye. Aliyense amene anakazingapo mandasi amadziwa kuti mafuta otenthetsa amadetsa kunja mkati muli mwauwisi, ndipo ozizira amangolowa m'chakudya n'kuchilemeretsa. Nkhuku imachitanso zomwezo, kungoti fupa limachedwetsa kupsa kwa mkati. Pa mbaula, yambani ndi makala oyaka bwino, kenako muchotseko ena kapena muwakankhire m'mbali nkhuku ikangoyamba kufiira.

Tsitsani zidutswa chimodzichimodzi ndi chopanira, khungu pansi, mozigonekera kutali ndi inu kuti mafuta asakuthovukireni. Ikani zitatu zokha pa ulendo umodzi, motalikirana, ngakhale chiwaya chikuoneka kuti chingalandire zonse zisanu ndi chimodzi, chifukwa kudzadza chiwaya kumagwetsa kutentha ndipo nkhuku imayamba kuwira m'malo mokazingika. Musazigwire kwa mphindi zinayi zoyambirira, pamene khungwa likadali lanthete. Ophika ena a kum'mwerako amavundikira chiwaya kwa mphindi zisanu zoyamba kuti kutentha kufike pafupa, kenako amavundukula kuti khungwa liume, ndipo njira imeneyi imathandiza ngati ntchafu zili zazikulu. Povundukula, nyamulani chivundikiro mosapendeka kuti madzi a nthunzi asadonthere m'mafuta. Mbali iliyonse imatenga mphindi 6 mpaka 8. Mvetserani phokoso la chiwaya: poyamba limakhala lalikulu, ndipo likayamba kuchepa thovu n'kukhala laling'onoling'ono, madzi a kunja atha ndipo nyama yatsala pang'ono kupsa. Mafuta akagwira moto, zimitsani chitofu ndi kuvundikira chiwaya, musathire madzi.

Nkhuku yapsa pamene mkati mwake, pafupi ndi fupa, mwafika madigiri 74, ngakhale kuti ntchafu zimakoma kwambiri zikafika cha m'ma 80. Popanda choyezera, bayani pochindikala ndi nsonga ya mpeni ndipo muone ngati madzi otuluka ali oyera, opanda magazi. Kuda pang'ono kwa fupa lenilenilo kumachitika kawirikawiri pa nkhuku yanthete imene inaumitsidwa mufiriji, ndipo si chizindikiro cha uwisi. Khungwa likafiira nyama isanapse, imalizireni mu uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi pafupifupi 10. Mukavuula, ikani pa waya kuti mpweya uzidutsa pansi, muwaze kamchere pang'ono zikadali zotentha, ndipo mudikire mphindi 10 musanadye. Kuunjika zidutswa m'bakuli lovundikira kumafewetsa khungwa lonse limene mwalivutikira. Musanaike ulendo wachiwiri, vuulani tizinyenyeswa takuda ndipo mulole mafuta abwerere pa kutentha kwake koyamba.

Kum'mwera kwa America nkhukuyi imadyedwa kawirikawiri Lamlungu anthu akachoka kutchalitchi, limodzi ndi mbatata ya kachewere yopota, ndiwo zamasamba za collard, buledi wa ufa wa chimanga ndi msuzi woyera wa mkaka. Msuziwo umapangidwa m'chiwaya chomwecho. Khuthulani mafuta n'kusiyamo masupuni aakulu awiri pamodzi ndi tizinyenyeswa tofiirira tapansi, thiranimo masupuni aakulu awiri a ufa watsopano, osati umene unakhudzana ndi nyama yaiwisi n'kukhalitsa panja, ndipo mutakase pamoto wochepa kwa mphindi ziwiri. Kenako tsanuliranimo kapu imodzi ya mkaka pang'onopang'ono uku mukutakasa mpaka msuzi ulimbe, muthire mchere ndi tsabola wakuda wambiri. Msuziwu uthiridwe pa mbatata, osati pa nkhuku. Nkhuku yotsala ilowe mufiriji pasanathe maola awiri, ndipo mawa lake idyedwe yozizira kapena itenthetsedwe mu uvuni kwa mphindi 15, chifukwa microwave imanyowetsa khungwa.