Momwe mungasamalire mpesa wa Pinotage mpaka kupanga vinyo wofiira

Ku Stellenbosch, Paarl ndi Swartland, m'chigawo cha Western Cape ku South Africa, chaka cha mlimi wa mpesa chimayamba mu Julaye mitengo itayoyola masamba onse, n'kutha cha mu Malichi mphesa zitalowa m'migolo. Mvula ya kumeneko imagwa m'nyengo yozizira, ndipo mphesa zimapsa kunja kuli gwa, kouma. Kwathu kuno n'zosemphana, mvula imafika zipatso zikukhwima, n'chifukwa chake mpesa wa pakhomo umakonda kuwola matsango.

Ndondomeko iyi ndi ya Pinotage, mtundu wa mphesa umene katswiri wa mpesa wa ku South Africa, Abraham Perold, anaupanga mu 1925 pokwatitsa mitundu ya Pinot Noir ndi Cinsaut. Miyezo ya kopangira vinyo tayiwerengera pa makilogalamu 100 a mphesa.

1. Kudulira: Julaye ndi Ogasiti

Mphesa zimabereka pa mphukira zatsopano zotuluka pa nthambi ya chaka chatha. Choncho podulira mukusankhiratu kuchuluka kwa zokolola. Pa mpesa woyanga pa waya, siyani tizitsa ta maso awiri awiri, motalikirana ngati chikhatho, masentimita 12 mpaka 15, ndipo sankhani nthambi yonenepa ngati pensulo, yoloza m'mwamba. Zina zonse zichoke.

Wophunzira kumene amamvera mtengo chisoni n'kusiya maso ambiri. Zotsatira zake ndi chitsamba chowirira, matsango ambirimbiri osalandira dzuwa, ndi vinyo wotumbuluka ngati wothiridwa madzi. Musadulire kukugwa mvula, chifukwa nthenda ya Eutypa imalowera pa bala lonyowa ndipo imaumitsa mkono wa mtengo pang'onopang'ono, zaka zingapo musanaizindikire. Mabala akuluakulu muwapake mankhwala otseka tsiku lomwelo.

2. Kupatulira mphukira: Seputembala ndi Okutobala

Maso akaphulika, dikirani mphukira zitalike masentimita 10 mpaka 20, kenako thyolani ndi zala zonse zotuluka pa thunthu ndi pakati pa tizitsa. Pa kachitsa kalikonse patsale ziwiri. Mukachedwa zimauma khosi, zimafuna sizasi, ndipo ntchito ya tsiku limodzi imasanduka ya masiku atatu.

3. Maluwa, mphepo ndi kupopera: Okutobala ndi Novembala

Maluwa a mpesa ndi ang'onoang'ono, obiriwira, osaoneka n'komwe, koma masabata awiri amenewa ndi owopsa. Mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene eni ake amaitcha Cape Doctor, imathothola maluwa ndi kuthyola mphukira zanthete. Lowetsani mphukirazo pakati pa mawaya msanga, ndipo zikapitirira waya wapamwamba muzidule nsonga.

Nthenda zazikulu ndi ziwiri. Powdery mildew ndi chuku chonga ufa wa phulusa pa masamba ndi pa tizipatso. Sichidikira mvula, chimakonda mthunzi ndi kutentha kwapakatikati, ndipo chimang'ambitsa khungu la mphesa. Mankhwala ake ndi salufa, masiku 10 mpaka 14 aliwonse, koma osapopera kukatentha kuposa madigiri 30 chifukwa amawaula masamba. Downy mildew imayamba ngati madontho a mafuta pamwamba pa tsamba, kunsi kwake kukuyera. Alimi amaiyembekezera kukagwa mvula ya mamilimita 10, kutentha kusakutsika pansi pa madigiri 10 kwa maola 24. Apa m'pofunika mankhwala a kopa, ndipo afike pa tsamba nthenda isanalowe.

4. Mphesa zikayamba kuda: Disembala ndi Januwale

Pano ndi pamene vinyo wabwino ndi wachabechabe amasiyanirana. Zipatso zikafika ngati nsawawa, yoyolani masamba ochepa ozungulira matsango ku mbali yolandira dzuwa la m'mawa. Mbali ya dzuwa la masana isiyeni yofunda, apo ayi mphesa zipserera n'kufota, ndipo vinyo wake adzamveka ngati jamu wopsa.

Madzi musamwaze. Mpesa wothiriridwa kwambiri umangotulutsa masamba ndi zipatso zikuluzikulu zamadzimadzi, pomwe mtundu ndi kukoma kwa vinyo wofiira kuli m'khungu. Chipatso chaching'ono chili ndi khungu lambiri poyerekeza ndi madzi ake. Koma ludzu lopitirira nalo ndi vuto: masamba am'munsi amachita chikasu, shuga amaima. Chizindikiro chosavuta ndi tingwe tam'nsonga tija mpesa umagwirira waya. Tikafota m'mawa kusanatenthe, thirirani.

Matsango ambiri akada, yendani mzere ndi mzere n'kudula amene akadali obiriwira. Kumapweteka mtima kuona mphesa pansi, komabe otsalira m'mbuyowa sadzawapeza anzawo, ndipo ndi amene amabweretsa kukoma kwa chiwisi. Yang'ananinso nyerere pa thunthu. Pamene pali nyerere pamakhala mealybug, m'bale wake wa kodikodi wa chinangwa, amene amafalitsa nthenda ya leafroll. Mtengo wogwidwa umafiira masamba, m'mphepete mukupindikira pansi, ndipo mphesa zake sizipsa bwino. Mankhwala palibe, umazulidwa basi. Mbalame nazo zimayamba pomwepa, choncho ukonde uphimbidwe msanga.

5. Kusankha tsiku lokolola

Pinotage imafulumira kupsa, kawirikawiri kumapeto kwa Januwale mpaka mu Febuluwale, mtundu wina wotchedwa Cabernet Sauvignon ukadali m'munda. Kawiri pa sabata tolani zipatso 100 mpaka 200 m'mizere yosiyanasiyana, zapadzuwa ndi zapamthunzi, zam'mwamba ndi zam'munsi mwa tsango. Zifinyeni muyeze madzi ake. Ku South Africa shuga amayezedwa m'madigiri a Balling. Mukufuna 24 mpaka 25, zimene zimapereka mowa wa mphamvu ya 14 peresenti kapena kuyandikira apo, ndi pH (muyezo wa asidi, umene umakwera asidi akamachepa) yosapitirira 3.6.

Manambala okha sakwanira. Tafunani khungu, lavulirani m'dzanja: malovu atuluke ofiira kwambiri, njere zikhale zabulauni, zophwanyika pa dzino, osati zobiriwira zowawa. Masiku atatu otentha motsatizana mu Febuluwale angakweze shuga njere zisanakhwime, ndiye nyengo ikatero yezani tsiku lililonse. Kololani m'bandakucha, m'makreti osapitirira makilogalamu 20 kuti zapansi zisaphwanyike, ndipo tsango lowola lisalowe.

6. Kuphwanya ndi kuwiritsa

Chotsani mapesi a matsango, phwanyani zipatso mosaswa njere, thirani m'chidebe choyera chotsegula pamwamba, cha pulasitiki wosungira chakudya kapena chitsulo chosachita dzimbiri. Chisadzaze kupyola magawo atatu mwa anayi, chifukwa phala limakwera. Sungunulani magalamu 8 a potassium metabisulphite m'madzi pang'ono, musakanize kuti tizilombo tosafunika tigonje. Ngati pH yadutsa 3.6, chimene Pinotage imachita kawirikawiri, onjezani tartaric acid galamu imodzi pa lita, muyezenso.

Mawa lake viikani magalamu 25 a yisiti ya vinyo m'madzi ofunda a madigiri 37, okwana kotala ya lita, kwa mphindi 20. Thiranimo madzi a mphesa pang'onopang'ono kuti izolowere kuzizira, kenako muithire m'chidebe. Yisiti ya buledi ayi.

Pakapita tsiku limodzi kapena awiri makoko amayandama n'kupanga chigamba cholimba pamwamba. Chimizeni ndi mthiko waukulu katatu kapena kanayi pa tsiku. Ku famu ya vinyo ya Kanonkop, ku Stellenbosch, amachita zimenezi maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, m'matanki a simenti otsegula. Chigamba chikauma chimaitana tizilombo ta viniga, ndipo mtundu umatsalira m'makoko. Kutentha kukhale madigiri 25 mpaka 28. Pinotage yowira mozizira imanunkha ngati polishi wa zikhadabo, pomwe kupyola 32 yisiti imafooka n'kusiya shuga panjira. Kukatentha miizanimo mabotolo amadzi oundana otseka bwino. Fungo la dzira lowola ndi yisiti yanjala: ipatseni chakudya cha yisiti chotchedwa DAP (diammonium phosphate), magalamu 20 mpaka 30, muvundule kuti mulowe mpweya. Chipinda chikhale chotsegula mazenera, ndipo musaweramire m'tanki, mpweya wotuluka m'menemo umakomola munthu osamuchenjeza.

7. Kufinya ndi kusunga

Pinotage imawira mwachangu, masiku anayi mpaka asanu ndi limodzi. Khungu lake ndi lochindikala, choncho ambiri amafinya shuga atatsala pang'ono kuti kuwawa kusachuluke, n'kusiya vinyo amalizire m'chotengera chotseka chokhala ndi potulukira mpweya. Madzi oyamba kutuluka okha ndi ofinyidwa mwamphamvu muwasunge padera, mudzasakanize mutalawa. Pa makilogalamu 100 yembekezerani malita 60 mpaka 65. Hydrometer, chida choyezera shuga wotsala, ikatsika pansi pa 0.996 n'kukhazikika masiku atatu, shuga watha.

Tsanulani ndi paipi kusiya nsenga pansi. Kenako pamabwera kuwira kwachiwiri, kwa mabakiteriya osandutsa asidi wakuthwa wa malic kukhala wofewa wa lactic. Kumafuna madigiri 18 mpaka 22 ndipo kumatenga masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi. Musathire metabisulphite kusanathe, mungawaphe. Mukaika vinyo m'mabotolo kusanathe, kudzapitirira m'botolomo, vinyo n'kuchita thovu ndi kukankha zitsekero. Kukatha, tsanulaninso, muthire galamu imodzi ya metabisulphite pa malita 10 aliwonse.

Opanga vinyo wogulitsa amamusunga m'migolo ya mtengo wa oak ya malita 225 kapena 300, chaka kapena kupitirirapo. Wa malita 60 agwiritse mabotolo akuluakulu agalasi. Chotengera chilichonse chidzaze mpaka m'khosi, ndipo mgolo wa thabwa uziwonjezeredwa masabata awiri aliwonse poti umamwa ndi kuuma. Mukaona kakhungu koyera pamwamba pa vinyo, mpweya walowa: kachotseni, yezani salufa wa metabisulphite wotsala m'vinyomo, dzazaninso. Tsanulani miyezi itatu kapena inayi iliyonse mpaka nsenga zitasiya kugwa, ndipo mabotolo mukawatseka ndi zitsekero za koko (cork) aimirire masiku atatu musanawagoneke.