Magadiyani, musaiwale kakope ndi bolopeni

Amene mukudikirira odwala m'zipatala kuno ku Blantyre, pamodzi ndi mbale, chitenje ndi beseni, nyamulaninso kakope ndi bolopeni.

Anesi akabwera ndi mankhwala, afunseni mwaulemu dzina la mankhwalawo, mulembe pamodzi ndi nthawi. Asanabaye jakisoni, tchulani dzina lonse la wodwala wanu, chifukwa mu wodi imodzi mumatha kugona anthu awiri a maina ofanana.

Ine ndinaona phindu lake ndikudikirira amayi anga. Usiku wina anatuluka zidzolo thupi lonse, kukanda osagona. Nditaonetsa kakope, adokotala anaona msanga kuti zayamba atangomwa Bactrim, n'kuwasinthira mankhwala. Ndinawapempha alembe patsamba loyamba la buku la kuchipatala kuti mankhwala a Bactrim sawayanja amayiwo. Pano ngakhale kufamase ku Limbe timayamba taonetsa tsamba limenelo.

China chikalakwika, musayambe phokoso mu wodi. Uzani sisitala wamkulu nthawi yomweyo, kakope kali m'manja. Zikapanda kumveka, funsani ofesi ya ombudsman wa chipatala, yomwe imalandira madandaulo a odwala. Anesi amasinthana mashifiti, ndiye tsiku ndi ola lolembedwa zimawathandiza kupeza pamene panalakwika.