Momwe mungatetezere kaundula wa mayina amene mumasunga pa foni kapena pa laputopu

Kuno ku chigwa cha Shire madzi akasefukira, kalembera wa anthu ofunika thandizo amayamba matope asanaume. Zinali choncho namondwe wa Ana atadutsa mu Januwale 2022, zinalinso choncho pa Freddy mu Malichi 2023. Dzina, mudzi, nambala ya chiphaso cha unzika, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, zonse pamzere umodzi. Makalabu a thonje ku Ngabu, alimi a nzimbe ku Kasinthula ndi mabanki m'khonde nawonso ali ndi akaundula otere.

Wakuba akapeza mzere umodzi wokhawo, ntchito yake yaphweka. Amaimbira gogo wa ku Makhanga, n'kumutchula dzina, mudzi ndi mfumu yake, kenako amati "dzina lanu latuluka, tumizani kandalama ka fomu." Gogoyo akanirenji munthu amene akumudziwa mpaka nambala ya chiphaso? Ngati ndinu mlembi kapena msungichuma, chitani izi.

Yambani ndi kuwerenga makope. Kaundulayo ali pa laputopu, pa fulashi, pa imelo, mwinanso pa gulu la WhatsApp la anthu 80 pomwe wina anamuponya chaka chatha. Siyani kope limodzi logwiritsa ntchito, ena osafunika mufufute. Mufufutenso zithunzi za ziphaso za anthu zimene zinatsalira m'foni ntchito itatha.

Chachiwiri, tsekani fayiloyo. Mu Excel pa kompyuta, dinani File, kenako Info, Protect Workbook, ndi Encrypt with Password. Pasiwedi isakhale dzina la mwana wanu kapena chaka chobadwa, zimene aliyense angaziwone pa Facebook. Lumikizani mawu anayi osagwirizana, achisena kapena achimang'anja, muwonjezere manambala. Muyisunge bwino, chifukwa mukayiwala fayiloyo sidzatsegukanso. Potumiza fayilo kwa wapampando, pasiwedi mumuwuze pakamwa, osati mu uthenga womwewo.

Chachitatu ndi foni yeniyeniyo. Ikani pini yotsekera sikirini. Pa WhatsApp pitani ku Settings, Account, Two-step verification, muike manambala 6 amene mukuwadziwa nokha. Mukalandira uthenga wa manambala 6 ochokera ku WhatsApp ndiye wina n'kumati "ndatumiza molakwitsa, mundibwezere," musamupatse, ngakhale ataoneka ngati mlamu wanu. Umo ndi momwe akuba amabera akaunti ya munthu, n'kumawerenga mauthenga atsopano a m'magulu ake.

Chachinayi ndicho chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa pano pasiwedi sithandiza. Kazitape wa masiku ano sathyola chitseko, amatola pang'onopang'ono. Lero afunsa pa depoti kuti mlembi wa komiti ya za ngozi ndi ndani. Mawa aona pa Facebook chithunzi cha msonkhano wanu, chikwangwani cha bungwe chikuoneka kumbuyo. Mkuja akuimbirani, akutchula bungwelo ndi dzina la wapampando, n'kunena kuti chimanga chafika ndipo mndandanda ukufunika ola lomwelo apo ayi mudzi wanu utsala. Changu chimenecho ndicho chizindikiro. Dulani foni mwaulemu, muimbire mlangizi kapena wa ku khonsolo ya Chikwawa kapena Nsanje pa nambala imene munali nayo kale, mufunse ngati pempholo akulidziwa. Kuchedwa theka la ola sikungalepheretse thandizo lenileni.

Samalaninso m'malo amene tinawazolowera. Mukakasindikiza pa shopu ku Nchalo kapena ku Bangula, imani pomwepo, fayilo ifufutidwe pa kompyuta yawo ndi mu Recycle Bin momwe, ndipo mapepala olakwika mutenge, chifukwa akatsala amakathera kokulungira mandasi. Foni yopita kokonzetsa ichoke simu ndi memore khadi. Yopita kotchaja magetsi akathima ikhale yotseka.

Chachisanu, sungani kope lina padera. Mu Febuluwale 2024 Lazarus Chakwera, yemwe anali Pulezidenti pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti zigawenga za pa intaneti zinalowa mu makompyuta osindikizira mapasipoti ndipo zikufuna dipo, ndipo kusindikiza kunaima kwa milungu ingapo. Kwathu kuno mdani wina ndi madzi ndi kutentha kwa mu Okutobala kumene kumapha ma laputopu. Mwezi uliwonse koperani fayilo yotsekayo pa fulashi, muike m'botolo louma lotsekeka bwino, isungidwe kwa membala wodalirika wokhala kumtunda.

Wina akachoka mu komiti, kaya mwamtendere kaya mokangana, sinthani pasiwedi tsiku lomwelo ndipo mumuchotse pa gulu la WhatsApp.

Kaundula akatuluka ndithu, musabise poopa manyazi. Pitani kwa amfumu aitanitse anthu, awuzidwe kuti asatumize ndalama kapena kuulula pini kwa aliyense wowaimbira. Kanenani ku polisi, ndipo dziwitsani a MACRA, bungwe loona za mafoni ndi intaneti, amene lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 linawapatsa udindo woyang'anira nkhani zotere. Lembani tsiku limene mwazindikira, nambala zimene zakhala zikuimba, ndi mayina a onse amene anali ndi kope.